Awiri Osaoneka a Zenoni

M'mawa wa tsiku limene akuluakulu a zamaphunziro ankabwera kudzamuonerera akuphunzitsa, kuti aone ngati angamukhazikitse pa ntchito, Bizwell Daka anasuzumira kunsi kwa bedi napeza chifanizo chake cha molekyulu palibe. Anakachipeza pakhonde, chili pamiyendo pa apongozi ake aNatembo, amene anabwera dzulo lake kuchokera ku Mwami kudzadandaula za akuba owathera tomato kudimba. Kumanja kwawo kunali mbaula, makala ali psuu, kumanzere jagi ya madzi.

Aphunzitsi anzake akafuna kuonetsa luso amaumba molekyulu ya madzi, timipira titatu, nkhani yatha. Bizwell sanali wotero ayi. Iye anasankha ya timipira tisanu ndi kamodzi, ya dzina lomanga lilime. Mkazi wake Dailes anali atalawirira kumsika wa Kapata, ndipo mkamwini woleredwa salanda chinthu m'manja mwa apongozi, ngakhale kuwayang'ana kumaso sayesa. Choncho ananjuta chapatali, nkhope atalozetsa ku mtengo wa mapeyala, nawomba m'manja.

"Mwauka bwanji, amayi?"

"Tauka. Kaya ichi chauka bwanji," anatero aNatembo, nawonso akuyang'ana kukhoma. "Ndachipeza posesa. Ndi chanu?"

"Ndi changa, amayi."

"Munakachitenga kwa ndani?"

"Ndinaumba ndekha."

"Mmm. Mwafika poumba nokha. Chili ndi dzina?"

Apa munthu wochenjera akanangoti ndi choseweretsa cha ana a sukulu, akanapita kuntchito. Koma Bizwell chibadwire anali asanatchulepo sayansi kuti choseweretsa, ndipo sakanayambira pamaso pa mtengo wa mapeyala.

"Zenoni okisitetirafuloraidi."

ANatembo anakokera jagi ija pafupi. "Musabwerezenso. Pakhomo pano pali mwana."

"Si choopsa kutchula, amayi. Wamkulu wapakatiyo ndiye zenoni. Ndi mpweya umene kale anthu ankati sugwirizana ndi china chilichonse. Unkakhala wokha."

"Ndiye anaugwira ndani?"

"Akatswiri. Anaukakamiza kugwirana ndi fulorini, anayi ozungulirawo. Wapamutuyo ndi okosijeni."

"Anachita kuukakamiza?"

"Eee, ndi kutentha."

"Ndiye uli ndi mkwiyo."

"Mkwiyo ulibe, amayi. Kungoti ukakumana ndi zinthu zina suugwira mtima."

"Ndiwo mkwiyowo, apongozi."

Bizwell anayang'ana dzuwa. Linali litakwera pamwamba pa denga la aneba. Anasintha mwendo wonjutira.

"Amayi, ichi ndi chifanizo. Chenichenicho ndi chamadzimadzi, chopanda mtundu. Mutachiona mungati ndi madzi akumwa."

ANatembo anasuzumira m'jagi, nanunkhiza, kenaka anakhutira. "Awa ndatunga ndekha, ndawapemphereranso. Ndichithira."

"Iyayi, amayi! Madzi ayi!"

Chimene ankaopa Bizwell nchakuti dongolo linali losaotcha, utoto wake wa ana. Akanangonena zimenezo. Koma pakamwa pa mphunzitsi pali njira yakeyake.

"Chimadana ndi madzi. Chikangowakhudza chimabala asidi wodya galasi, ndi ufa woyera umene ukauma umaphulika."

"Ngakhale opempherera?"

"Madzi ndi madzi, amayi."

"Hee! Mpaka pamenepo." Anabweza jagi pansi mwakachetechete. "Chabwino. Tichitsekere m'botolo lalikulu lija la mafuta ophikira, lagalasi, tikachitule kwa akulu a mpingo."

"Botolo chimadya."

"Chimadya botolo."

"Galasi lililonse. Amachisunga m'chitini cha chitsulo chotchedwa nikelo."

"Inu nikeloyo muli naye?"

"Ndilibe."

"Ndiye munangochiika kunsi kwa bedi limene amagonapo mwana wanga."

"Ndinaopa nkhuku, amayi."

"Nkhuku ndiye munazimvera chisoni."

Kugeti kunalira kabelu ka njinga. Anali Goodson wanjinga, amene ankamunyamula Bizwell masiku ochedwa. Ataona mmene zinthu zinalili pakhondepo, anatembenuza njinga nayamba kupopa tayala lokhuta kale.

ANatembo anachizondotsa chifanizocho ndi nsonga za zala.

"Pamwamba mwaika wapamutu. Pansi pano mwasiya malo. Mukudikira ndani?"

"Palibe amene ndikudikira. Alipo kale awiri."

Mayiwo anachiyandikiza kumaso, nachitalikitsanso. "Sindikuwaona."

"Saoneka. Ndi maelekitironi."

"Inu munawaonapo?"

"Palibe anawaonapo ndi maso, koma tikudziwa kuti alipo chifukwa cha zimene amachita."

"Nafenso kwathu timadziwira momwemo. Amadya chiyani?"

"Sadya."

"Nanga ntchito yawo?"

"Amangokhala pansipo n'kumakankha anzawo. Chilichonse chofuna kukhala pamalo pawo amachikana."

"Usiku?"

"Usana ndi usiku."

"Sagona?"

"Sagona, amayi."

"Malipiro?"

"Salipidwa."

ANatembo anagwedeza milomo ngati akuwerengera kanthu. Kenaka anapukusa mutu, ngati munthu wokana chiyeso, nakokera mbaula pafupi ndi phazi.

"Basi, moto ndiwo utha nkhaniyi. Kapena motonso chimadya?"

Chapatali belu la kusukulu linalira. Bizwell anacheukira kumene linkamvekera. Anaona m'maganizo akuluakulu aja atakhala kumbuyo kwa kalasi, iye ataima kutsogolo chimanjamanja, akujambula timipira m'mwamba ndi chala. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene ntchito yake ili pamwamba pa makala. Anameza malovu, nameza ndi sayansi yomwe.

"Amayi, pepani. Ndi dongo chabe. Dongo la kudambo ndi masipoko a njinga ya a Goodson awo. Utoto ndi wa Juliet mdzukulu wanu. Sichidya botolo, sichiphulika, sichichita kanthu. Ndi choseweretsa."

Mawu omalizawo anatuluka ngati fupa la nsomba.

"Manje mwayamba kunama, apongozi," anatero aNatembo modekha. "Muja munkanena zoona mawu anu ankayenda bwino."

"Shuwa, amayi. Afunseni a Goodson."

Goodson anapopa mwamphamvu, osadzutsa mutu.

"Ndiye mukuti ana a eni mukukawaphunzitsa dongo?"

"Ndikukawaphunzitsa chenichenicho."

"Chimene chili kuti?"

"Kumaiko akutali."

"Chimene inu simunachionepo."

"Sindinachionepo."

"Koma mukudziwa kuti chimadya botolo."

"Chimadyadi!"

"Ehe, mawu abwerera."

Bizwell anatsamiritsa chipumi pamtengo wa mapeyala.

Ndiye anamva mapazi. ANatembo anatsika pakhonde, nayala chitenje pakati pa bwalo, naikapo chifanizocho mwaulemu, choimirira bwino, wapamutu ali kumwamba. Anabwerera chafutambuyo mpaka pamalo pawo, nayang'ananso kukhoma.

"Tengani, mupite. Sindifuna anthu adzanene kuti ndinachotsetsa mkamwini ntchito."

Bizwell anawomba m'manja, nakwawa mowerama, nachinyamula. Chinali chamoyo, masipoko onse ali m'malo. Goodson anali atakwera kale, phazi lili papedulo.

"Koma chimodzi," anawonjezera mayiwo. "Anayiwo pitani nawo, wapamutuyo ndi wamkwiyoyo pitaninso nawo. Awiri osagonawo asiyeni pachitenjepo. Ndikupita nawo kudimba."

Geti linali lotsegula. Njinga inali pomwepo. Chitenje chinali chopanda kanthu, ndipo aliyense pabwalopo akanatha kuvomera kuti awiriwo atsala. Bizwell anaponya phazi limodzi, naponya lachiwiri. Koma chibadwa sachita kusamba. Anatembenukira ku mtengo wa mapeyala, nanjutanso.

"Amayi, awiriwo sangatsale. Akachoka pansipa, chonsechi chisintha maonekedwe."

ANatembo anawomba m'manja kamodzi, nayang'ana kwa Goodson ngati wopeza mboni.

"Mwamva, bambo? Uja amati ndi dongo chabe uja!"