Gofu M'munda mwa a Samuele

Nkhondo itatha, ife tinabwerera kuchokera ku Malawi titasenza makasu, malata ndi mbewu, koma Benvindo, mwana wa a Samuele a ku Itepela, anasenza ndodo imodzi yachitsulo yopindika kumutu, chikumbutso cha ku Blantyre komwe ankanyamulira azungu zikwama pabwalo la gofu. Ndiye bambo ake atagwa m'munda, namwino wa ku Mandimba n'kunena kuti magazi akuthamanga, khasu alisiye, Benvindo anaona kuti tsiku la ndodo yake lafika.

"Bambo, thanzi lanu ndi ili," anatero, akuigwedeza m'mwamba.

A Samuele anailandira n'kuiyesa kumutu ndi chala. "Yobuntha. Anasula ndani?"

"Si khasu ayi! Ndi gofu. Azungu okalamba amasewera zimenezi. Mtima umakhazikika, miyendo imalimba. Mumangomenya kampira aka." Anatulutsa m'thumba kanthu koyera ngati dzira.

"Kalakwanji?"

"Sikanalakwe! Mukakamenya kamapita kutali, inu n'kukatsatira."

"Ndikakapeza?"

"Mumakamenyanso."

A Samuele anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumapazi. "Iwe, ngati ndikukafuna, ndikukathamangitsiranji? Ngati sindikukafuna, ndikukatsatiranji?"

"Kuyendako ndiye mankhwalawo!"

"Kuyenda? Ndinayenda wapansi kuchoka pano mpaka kudutsa malire pa Chiponde, amako ali pambuyo ndi mbuzi, mfuti zikulira. Ndiye bwenzi ndili mnyamata lero."

"Kumeneko kunali kuthawa, bambo. Uku n'kuyenda mwaulemu."

"Ulemu sadya. Tamvera, mvula yayandikira. Munda uwu ukagona chaka chino, Amidu wa kutsidyayu aulowa. Wayamba kale kusuntha malire, akuti ife tinathawa, iye ndiye anaulonda."

"Munda, munda! Mufere munda?" anatero Benvindo. "Tsiku lija ndinakukankhani panjinga mutu uli lende, ndinalira njira yonse. Sindikufuna kukuikani m'manda ine."

Zoona, analira, tonse tinamuona. Koma khasu limene bambo ake anagwa nalo linakhala pomwepo mpaka mlongo wake Amélia anakalitola. Benvindo zolima ayi, ntchito yake inali kukhala pamsika wa Mandimba, manja osalala m'matumba, kufotokozera anthu kutalika kwa nyumba za ku Blantyre.

A Samuele anatsokomola. "Chabwino. Kampirako kamathera kuti?"

"M'dzenje."

"Eyaa! Tsopano ukulankhula." Anasendeza mpando. "Mukakaponya m'dzenje, mumakwirira."

"Ayi, mumakatulutsa."

"Kasanamere?"

"Sikamera, bambo!"

"Mbewu yakufa. Maenjewo amakhala angati?"

"Khumi ndi asanu ndi atatu."

"Pamzere umodzi?"

"Bwalo lonse! Ndipo bwalolo kukula kwake kuchoka pano kukafika kumtsinje. Udzu wokhawokha, wometedwa bwino, wothiriridwa m'mawa uliwonse."

"Amathirira udzu," anatero a Samuele pang'onopang'ono, akuyang'ana kumwamba. "Mayo ine. Ndipo ife ndi amene ankatitcha ovutika."

"Inu simukumvetsa!"

"Ndikumvetsa, mwana wanga, ndifotokozere bwino. Bwalolo amasosa ndani?"

"Antchito."

"Maenje amakumba ndani?"

"Antchito omwewo."

"Katundu?"

Benvindo anadziguguda pachifuwa. "Ineyo! Chikwama cholemera ngati mwana wa ng'ombe, tsiku lonse paphewa, osadandaula. Azungu ankachita kundilimbirana."

"Nanga mzunguyo ntchito yake n'chiyani?"

"Kuyenda pang'onopang'ono, kuloza uku, kuloza uko, kumenya kamodzi. Basi."

"Akatopa?"

"Amakhala pamthunzi, mnyamata n'kumubweretsera chakumwa."

"Mnyamata akachedwa?"

"Aa, amamukalipira kumene!"

A Samuele anasisita ndodo ija. Kenaka anaombetsa pansi. "Bwanji sunayambire pamenepa? Ndavomera. Kuyambira lero ndine wa gofu."

"Mwavomera?" Benvindo analumpha, fumbi kobo! "Amélia, tamva! Bambo avomera! Ndinanena ine kuti m'mudzi muno mukusowa munthu woona kutali!"

Akuvina choncho, madalawo analowa m'nyumba. Anatuluka akukoka thumba la mbewu ya chimanga, khasu lili kudzanja linalo.

"Ii, bambo, khasunso? Namwino analetsa!"

"Analetsa ine." Analiponya pamapazi pa mwana wawo. "Bwalo ndi ilo, lafika kumtsinje ngati lakolo. Ulisose, uunde mizere, uyambire kumalire a Amidu kuti aone masewerawo bwino. Maenje usaumire ngati azungu ako, kumba mpaka munda uthe. Chikwama ndi ichi, wati ankakulimbirana."

Benvindo anayang'ana khasu, n'kuyang'ana manja ake. "Nanga inu muzitani?"

"Ine? Kuyenda pang'onopang'ono, kuloza uku, kuloza uko. Ndikatopa, mthunzi wa mango uwo, thobwa uzibwera nalo wekha."

"Koma bambo, gofu wake si ameneyu! Nanga kampira?"

A Samuele anakoleka ndodo paphewa n'kuyamba kutsetserekera kumunda, mwaulemu ndithu.

"Timpira tili m'thumbamo, titatu padzenje, ndipo kuno timakwirira. Senza, mnyamata, usandikwiyitse. Mzungu wako magazi akuthamanga."