Ndere za m'Nyumba Yakale ya Madzi ku Limbe

Olemekezeka a Khansala a dera lino. Abusa ndi a shehe amene mwatitsegulira ndi mapemphero. Mayi Dorothy Kachingwe, wapampando wa komiti imene yakonzanso nyumba ino. Bambo Faizan, amene munapereka simenti ndi malata. Amayi ndi abambo nonse amene mudzatunge madzi pano, landirani ulemu wanga.

Pa ntchito yanga ya uinjiniya ndaona makina a madzi m'maiko angapo, koma palibe chimene chinandigometsa ngati nyumba ya njerwayi. Amene anaimanga, tauni ino ikadali yaing'ono, sanadalire magetsi. Anayeza kutsetsereka kwa phiri, anasenza mchenga pamutu, naika maiwe awiriwa pamalo poti madzi azitsika okha, pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Maina awo sitiwadziwa, koma makoma awo sanang'aluke mpaka lero.

Ndili mwana ndinkadutsa pano popita kusukulu. Tsiku lina ndinasuzumira pazenera, ndipo nditaona ndere zobiriwira zitayala pamwamba pa mchenga, ndinakafika kunyumba n'kukana madzi a pampopi. Mayi anga anangoti ludzu lindilangiza lokha. Linandilangizadi, koma yankho lenileni ndinakalipeza ku yunivesite. Ndere zimenezo ndi zamoyo. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya tizilombo tinzake toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Mchenga umagwira matope, koma chimene chimateteza mwana wanu ndi ndere.

Dzana Mayi Kachingwe anandiimbira foni. Anati amayi a komiti asesa bwalo, apaka miyala laimu, ndipo tsopano atenga mafosholo kuti akapale ndere m'maiwe onse awiri, pakuti mlendo salandiridwa pamalo auve. Nditawapempha kuti aleke, anandifunsa kuti, "Ainjiniya, mukufuna anthu akanene kuti a ku Limbe tinaitanira alendo pachithaphwi?" Ndinati akanene, ine ndivala nsapato zamatope.

Mukuseka, koma nkhaniyi ndi yaikulu. Ndere zikapalidwa zonse, zimatenga milungu ingapo kuti zikhwimenso, ndipo pa nthawi yonseyo madzi sakhala oyenera kumwa. N'chifukwa chake akale anamanga maiwe awiri: dziwe lina likamapalidwa, ndipo limapalidwa pamwamba pokha, linzake limakhala likugwira ntchito. Nzeru imeneyi ndi ya anthu amene ankaganizira ana osabadwa.

Ndamva kuti alipo ena pakati pathu amene akuti madzi odutsa m'ndere sangamwe, ndi bwino abwerere kumtsinje. Mvula yayandikira, ndipo tonse tikudziwa chimene mtsinje umabweretsa m'nyumba zathu mvula ikayamba. Madzi awa tawayeza ku labotale, ndipo apezeka oyera. Komabe pepala la ku labotale silikhutiritsa mayi amene waona zobiriwira ndi maso ake, monganso ine sindinakhutire.

Choncho, Mayi Kachingwe, ndipempha makapu awiri. Tungani pampopi apo, aliyense akuona. Iyi ndi yanga.

Ndamwa. Inayo ndi yanu, mayi.

Zikomo, mwamaliza yonse.

Ndi ulemu waukulu kwa amene anaimanga ndi kwa inu amene mwaiukitsa, ndikulengeza kuti nyumba ya madzi iyi yatsegulidwa. Bweretsani ndowa zanu.

Zikomo kwambiri.