Mota ya Apongozi

Pa kafakitale ka chakudya cha nkhuku anali atangoika makina atsopano: ngalande yaitali yachitsulo, mkati mwake muli tcheni chokoka gaga kukwera naye mpaka poimikira lole. Mota yokoka tchenicho anasankha okha eni fakitale, bambo osamva za munthu, ndipo m'mawa umenewu inkangong'ung'udza osazungulira, mkamwini wawo wa zamagetsi ataima pambali manja kumbuyo.

"Akamwini, mota yangayi mwaigwira pati?"

"Sindinaigwire, bambo. Munati ndisaigwire."

"Nanga bwanji sikuyenda? Dzulo imathamanga ngati yaba kanthu."

"Dzulo m'ngalande munalibe kanthu. Madzulo tinathiramo gaga, magetsi n'kuzima. Yagona ndi katundu."

"Inenso ndimagona nditakhuta, koma m'mawa ndimadzuka."

"Inu simukokera gaga kumtunda, bambo."

Kugeti lole inaliza hutala. Mwini wake ndiye anali kasitomala wamkulu wa pafakitalepo, ndipo anali atanena kale kuti akachoka wopanda gaga lero, sadzapondaponso.

"Kodi mphamvu yake munaiyeza bwanji?" anafunsa mkamwini.

Apongozi anakweza dzanja. "Ndi ili. Ndinakoka tcheni, chinabwera. Mota ingalephere chimene dzanja la nkhalamba latha?"

"Munakoka chili m'ngalande?"

"Chili pansi, pasimenti."

"Chonse?"

"Mbali imene ndinagwira."

Mkamwini anayamba kupinda zala chimodzichimodzi. "Pamafunika kulemera kwa tcheni, kulemera kwa gaga, kukhulana kwake ndi chitsulo, chitunda ichi, kenako n'kuwonjezerapo mphamvu ina yodzukira ili ndi katundu."

"Zala zanuzo muzikapindira mwana wanga kunyumba. Ine ndafunsa: ikukwana kapena ayi?"

"Ikukwana, ngalande ikakhala yopanda kanthu."

"Ehee, mwavomera nokha. Tengani fosholo."

Anakumba awiriwo, gaga mpaka m'makutu. Ngalande itayera, apongozi anadina batani, tcheni n'kuyamba kuyenda kwetere kwetere. Anaseka mpaka dzino lam'mbali kuoneka.

"Mwaona? Thiranimo tsopano."

Mkamwini anathira, nathiranso. Tcheni chinayamba kuyenda ngati munthu wopita kumene sakufuna, kenako zii. Mota inatulutsa kafungo ka chinthu chopserera.

"Aa, mwathira mwankhanza inu. Chepetsani."

"Mpaka pati, bambo?"

"Mpaka iyende."

Mkamwini, munthu wochita zimene wauzidwa basi, anachotsa fosholo imodzi n'kuyang'ana mota. Ina, n'kuyang'ananso. Pamene tcheni chimadzayenda bwinobwino, m'ngalande munali mutatsala fumbi lokha.

"Yayenda, bambo."

"Nanga gaga?"

"Ali pansi apa. Munati mpaka iyende."

Hutala analiranso, ulendo uno osalekeza, injini ya lole n'kuyaka.  Apongozi anayang'ana mulu wa gaga, anayang'ana geti, n'kuvula jekete.

"Bweretsani matumba. Tinyamula pamsana."

"Ndizimitse mota?"

"Musayerekeze. Kasitomala aone kuti pano tili ndi makina."

Ndiye zinali choncho: apongozi patsogolo, mkamwini pambuyo, aliyense thumba pamsana, akukwera masitepe m'mbali mwa ngalande, tcheni chikuwapitirira chimanjamanja. Lole inadzaza dzuwa lili pamutu. Apongozi anakhala pa thumba lomaliza, wefuwefu, nkhope yoyera ngati khoma la laimu, koma kuuma mutu kuli pomwepo.

"Akamwini, mota ija yaima chiyambire tayamba kunyamula?"

"Sinaime, bambo."

"Yatentha?"

"Ili zizirii."

"Ndiye nenani pakamwa panu, ndimve. Ndi yaing'ono?"

Mkamwini anapindanso zala, nayang'ana tcheni chopanda kanthu chija, nayang'ananso msana wa apongozi ake.

"Ayi, bambo, ndinalakwa ndine. Pa ntchito imene ikugwira panoyi, yakula kwambiri. Mukadagula yaing'ono."