Makina Okoka Msana

Pa benchi yodikirira kuchipatala cha mafupa, mayi wina womangidwa khosi anayamba kucheza ndi bambo wachikulire amene ankavala nsapato movutikira.

"Bambo, makina okoka msanawo amawawa?"

"Ayi mayi. Amakumangani malamba m'chiuno n'kumakukokani pang'onopang'ono. Ine ndikatsikapo ndimakhala ngati mnyamata."

"Ndiye mwachiratu?"

"Kano n'kachisanu ndi chitatu. Ndikangofika kunyumba ululu umabwerera. Adokotala akuti ndisamanyamule cholemera, apo ayi mapeto ake ndi opaleshoni."

"Osangowamvera bwanji? Amuna inu makani."

"Mayi akunyumba anafa ziwalo chaka chatha. Kubafa, kuchimbudzi, wowanyamula ndine."

"Pepani bambo. Ana kulibe?"

"Aliko. Amaimba foni kufunsa ngati msana ukupezako bwino."