Ndinakwirira Thumba la Misampha Kuseri kwa Chimbudzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Tembo, wosema ziboliboli ku Kabwata, ndipo chaka cha chilala chija ndinatsala pang'ono kutaya malo ogulitsirapo amene bambo anga anandisiyira.

Ndinkasema mvuu ndi njovu za mtengo wa mukwa n'kumagulitsa kwa alendo odzaona nyama. Mvula itakana, a zankhalango anakhwimitsa lamulo, ndipo mayi wina wa yunifolomu, Ba Mwansa, anandilanda matabwa onse chifukwa analibe mapepala. Komiti ya pamsika inati tebulo langa likakhala lopanda kanthu mpaka mwezi kutha, alipereka kwa wina. Mutu unaima. A zankhalango ankati tisunge mitengo kuti nyama zikhale ndipo alendo azibwera, koma alendo omwewo ndi amene ankafuna mvuu za mukwa. Nanga ine ndinkawatumikira kapena kuwathamangitsa? Ndinasala kudya masiku atatu, pemphero lili limodzi: Ambuye, ndipatseni mukwa.

Kenako Ba Mwansa anafika kwathu ku Libala tonse kulibe, n'kusiya thumba pakhomo, ndipo aneba anangondiuza kuti walibweretsa ndi mayi wa yunifolomu uja. Nditamasula ndinapeza waya wadzimbiri wopindidwa bwinobwino, misampha yeniyeni ya nyama. Ndinaganiza kuti akufuna apolisi adzandipeze ndi zida za opha nyama mozemba, choncho ndinakumba dzenje kuseri kwa chimbudzi n'kukwirira thumbalo.

Patatha masiku Ba Mwansa anabweranso n'kundipatsa moni. "Shani, Ba Tembo? Mwapangako chani na waya uja?"

Ndinanama kuti sindinamuone, Mulungu andikhululukire. Mkazi wanga, amene sasungira chinsinsi munthu wopusa, anangoloza kuchimbudzi. Ba Mwansa anaseka mpaka misozi. Anati chilala chitapha chimanga kumidzi, anthu anayamba kutchera misampha pamadziwe otsala, ndipo oyang'anira nyama achotsa yambiri moti asowa kotaya. Alendo amakonda zinthu zopangidwa ndi waya ameneyo, ndiye Ba Mwansa anakumbukira manja anga. Uthenga anausiya kwa aneba, amene anaiwala kundiuza.

Ndinafukula yankho la pemphero langa ndi khasu lomwe ndinalikwiririra. Waya si mtengo, abale, zala zinatuluka magazi. Kadyamsonga woyamba wa waya anatuluka wopindika khosi, koma tsiku lomaliza la mwezi ndinamuika patebulo. A komiti anamuyang'ana kwa nthawi, n'kudutsa osandilanda tebulo. Masana omwewo mlendo wina wachikulire anamunyamula, ndipo atamva kuti wayayo akanapha nyama, anamugula osanenerera.

Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake Mulungu anatuma munthu yemwe anandilanda. Ndimangothokoza, pakuti tebulo la bambo anga ndikadali nalo. Inu amene mukupemphera, musafooke. Ndipo likafika thumba losafanana ndi zimene munapempha, yambani mwafunsa musanatenge khasu.