Ndinaseka Nawo Kuti Asandidziwe

Omvera anzanga, dzina langa musalifunse. Ndine nkhalamba ya ku Sanjala kuno ku Lichinga, ndipo nkhaniyi sindinauzepo munthu.

Nthawi ya nkhondo ndinkaphunzitsa ana pasukulu, ndipo ndinkakondana ndi mwamuna mnzanga, woyendetsa lole. Anthu ankati ndife mabwenzi chabe. Tsiku lina anapita ku Cuamba ndi koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja, ndipo anawomberedwa panjira. Pamaliro pake ndinakumba nawo manda, koma palibe amene anandipepesa.

Nkhondo ili pafupi kutha, mnansi wathu anabwerako ku Joni. Tili pabwalo ndi anthu ena, iye anati, "Achimwene, kumene kuja ndinaona malodza. Amuna okondana okhaokha akuguba mumsewu masanasana, ena atabisa nkhope m'matumba a mapepala!"

Onse anaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka kuwomba m'manja. Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko n'kulira, poti ndinali nditamukana wokondedwa wanga pomwe ena kutaliko ankayenda poyera.

Sindinakwatire, ndipo mpaka lero ndimadya ndekha. Mukamaseka anthu otere, abale anga, muzimuyang'anitsitsa amene akuseka kwambiri pakati panu.