A Enoki Pitala sanali msilikali

Abusa, akulu a mpingo, mafumu, aphunzitsi ndi ana a sukulu, ndi inu nonse amene mwasiya mpunga wosapuntha m'munda kudzalira nafe, tikukulonjerani m'dzina la Ambuye. Tikuthokoza Mulungu amene anatibwereka bambo athuwa zaka zonsezi. Mbiri imene tiwerenge ikusiyana ndi imene munazolowera kumva pakamwa pathu. Tiiwerenga nkhope zili pansi, koma anatilamula ndi malemu eni ake.

Malemu anabadwa pa mudzi wina waung'ono kutsidya kwa nyanja ino, m'dziko la Apwitikizi, cha m'ma 1897. Tsiku lenileni palibe analilemba. Ali mnyamata anathawa ntchito yokakamiza pamodzi ndi mayi awo, ndipo anawoloka Chilwa wapansi, chaka china nyanja itaphwa. Anafikira kufupi ndi Kachulu, naphunzira kuluka mono ndi kuwamba milamba. Sukulu sanaipondemo.

M'chaka cha 1917, nkhondo ya Ajeremani ili mkati, anagwidwa akuyanika matemba padoko. Apa ndi pamene ife tinkakuuzani kuti analowa usilikali. Sizoona. Anawatenga kukakhala mtengatenga, osenza mabokosi a asilikali pamutu. Paulendowo anadziwana ndi a Jafali a ku chilumba cha Chisi, Msilamu, amene ankagawana nawo chigumu cha gaga. A Jafali anadwala kamwazi, kapitawo n'kulamula kuti awasiye m'mbali mwa njira. Malemu anayenda pang'ono, kenaka anatula bokosi lawo patchire, nabwerera, nabereka mnzawoyo kumsana. Anayenda naye masiku asanu ndi anayi mpaka kumufikitsa kwawo wamoyo. Malemu anabisala m'mabango miyezi itatu, poti wothawa akagwidwa ankakwapulidwa.

M'chaka cha 1921 anakwatira mayi Mariya, nadzakhala chikamwini m'mudzi muno. Mulungu anawapatsa ana anayi: Medson, Meshack, Edina ndi Ruth, amene anatsogola ali wakhanda. Anabatizidwa mu 1926. Kuwerenga anaphunzirira m'kalasi ya ubatizo, chala chili pansi pa liwu lililonse. Ambiri mukukumbukira momwe ankaimbira nyimbo za Mulungu m'bwato, Chinyanja chikutuluka ndi kakomedwe ka Chilomwe.

M'chaka cha 1946, anyamata obwera kunkhondo yachiwiri akulandira ulemu paliponse, mwana wawo woyamba, a Medson, anapita ku Zomba kukafuna ntchito ya umesenjala. Atafunsidwa za makolo awo, anati bambo awo anali msilikali. Ntchito anaipeza. Bodzalo linabwera kumudzi, ife n'kulilandira ndi manja awiri. Tinawagulira malemu jasi la khaki, ndipo pa tsiku lokumbukira nkhondo tinkawakhazika kutsogolo. Iwo sankavomera, sankakananso. Ankangotuluka thukuta m'jasimo.

M'chaka cha 1955, aphunzitsi anatuma ana a Sitandade 4 kuti akafunse akuluakulu zimene dziko lino ladutsamo. Mdzukulu wawo Lucy, mwana wa mayi Edina, anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anatenga kope ndi pensulo, nayenda khomo ndi khomo. Anafunsa amayi a m'mudzi za njala ya 1949, kuti ankadya chiyani chimanga chitatha. Anafunsanso abambo a padoko chifukwa chimene ankakanira chitaganya cha maiko atatu. Ena ankamuseka kuti, "Kabwera kaboma kaja, bisani nsomba!" Iye osabwerera m'mbuyo. Pomaliza anapeza agogo ake akuluka mono pakhonde, nawafunsa kuti mfuti yawo inali yolemera bwanji.

Malemu anatenga dzanja la mwanayo naliika pamutu pawo, pamene tsitsi silinamerenso. Anati, "Gwira apa, mwanawe. Mfuti yanga ndi imeneyi. Ine ndinali bulu wa Mzungu." Ndipo anamuuza zonse, za bokosi, za a Jafali, za mabango. Lucy analemba monga anamvera.

Pa tsiku limene makolo anaitanidwa kusukulu, Lucy anaimirira n'kuwerenga nkhani yake mokweza, akunyadira agogo amene anabereka mnzawo. Asanamalize, amalume ake, a Medson, anadzuka n'kunena kuti mwanayo ndi wabodza ndipo wanyoza banja. Aphunzitsi anatembenukira kwa malemu, amene anali kutsogolo m'jasi lawo, nawafunsa kuti, "Bambo, kodi mwanayu wanena zoona?" Malemu anayang'ana pansi. Ankaopa kuti mwana wawo achotsedwa ntchito, ndiponso ngakhale panali patapita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, mtima wawo unali ukadali m'mabango muja, kuopa boma. Sanayankhe. Ifenso tinali pomwepo, ena a ife akulu a mpingo, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Tinachita ngati wophunzira uja amene anakana Mbuye wake akuwotha moto, kungoti ife tambala analira kambirimbiri osatidzutsa.

A Medson, monga mwini mbumba, anamuchotsa Lucy pasukulu. Anzake anamupatsa dzina loti Nabodza, ndipo lamutsata kuchitsime ndi kutchalitchi komwe. Chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri wakhala akutembenuza matemba pathandala, mwana amene ankatsogola m'kalasi. Kuyambira tsiku lija malemu analeka kuimba m'bwato. Mgonero ukafika ankangokhala pampando, tikawafunsa ankati mwendo ukupweteka.

Mu Epulo chaka chino cha 1957 anayamba kudwala chifuwa. Tinapita nawo kuchipatala ku Zomba, anakhalako milungu itatu, n'kupempha kubwerera kwawo. Lachinayi lapitali masana anaitanitsa abusa, ana awo onse, Lucy, ndi a Twaibu, mwana wa malemu a Jafali, amene mukuwaona akhala apowa. A Twaibu anachitira umboni kuti bambo awo ankaisimba nkhaniyi mpaka imfa yawo. Kenaka malemu anati, "Munthu wamkulu ndinamusenza masiku asanu ndi anayi, koma kamwana aka ndinalephera kukanyamula ndi liwu limodzi lokha. Lucy, undikhululukire."

Lucy anawayang'ana agogo ake m'maso. Ndiye anati, "Agogo, muno m'nyumba aliyense akudziwa kale. Mukanene kusukulu komwe kuja."

Malemu anavomera, nati akangopeza mphamvu tiwanyamule pamachira. Mphamvuzo sizinabwere. Tsiku lomwelo analandira Mgonero, ndipo Lamulungu m'mawa, pa 9 Juni, anatisiya.

N'chifukwa chake tinapempha aphunzitsi kuti abwere ndi sukulu yonse. Ana inu, tamverani, ndipo mukauze amene sanabwere. A Enoki Pitala sanali msilikali. Anali mtengatenga amene anataya katundu wa nkhondo kuti apulumutse munthu. Lucy sananame. Tinanama ndife, a Medson poyamba, enafe powathandiza. A Medson apempha kuti dzina lawo litchulidwe chotere pamaso panu, ndipo mawa akukaulula okha ku Zomba, ntchito ithe kapena isathe. Lolemba Lucy abwerera m'kalasi. Ngati watikhululukira sitikudziwa, ndipo sitimukakamiza.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Mariya, ana atatu ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Tikuthokoza amayi a Mvano amene ankasinthana nafe podwazika, anyamata a kumanda, asodzi a pa Kachulu amene atipatsa ndiwo, ndi abale athu Achisilamu ochokera ku Chisi amene apalasa bwato kudzalira mnzawo wa bambo awo.

Bambo athu, mwatula. Muuse mumtendere wa Mpulumutsi amene amadziwa kulemera kwa mtengo paphewa. Ndipo inu nonse, Ambuye akusungeni pobwerera, a pamtunda ndi a panyanja. Akupatseni pakamwa potseguka pa tsiku limene mwana adzafune mboni, kuti musadzaime pamanda ndi manyazi ngati athuwa. Amen.